Munda wa a Kanivete Unali Papepala

Tomasi ndi Rozita, ana anga, mutu uno ndinafuna kuudumpha, koma amayi anu akana. Akuti ndikangolemba zokoma zokhazokha mudzaganiza kuti bambo anu ankagwira ntchito kumwamba. Ndiye ndilemba. Ndi nkhani ya a Kanivete, amene anataya munda umene unkadyetsa banja lawo chifukwa cha funso la masamu. Kuti mumvetse mmene funso la masamu lingamulande munthu munda, ndiyambire ku Zóbuè, kumene ndinatola chizolowezi chimene chinabala zonsezi.

Zóbuè, 2004 mpaka 2010

Uphunzitsi ndinauyamba imvi zitayamba kale. Titabwerako ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo, ndinayamba ndalima, ndipo nditaona kuti khasu ndi msana wanga sizikumvana ndinapita kukaphunzira uphunzitsi. Malo anga oyamba anali sukulu ina kuseri kwa msika wa Zóbuè, pafupi ndi malire. Ana anali ochuluka moti a kutsogolo ankakhala pansi, mapazi awo atagunda khoma la kwadulu, thabwa lakuda lija timalembapo. Mabuku ankafika chaka chili pakati. Jizi, choko cholembera chija, tinkachita kugawana modula, ndipo ndikatuluka m'kalasi kachidutswa kanga ndinkakabisa m'sokosi kuti mnzanga asandibwereke.

Koma vuto lalikulu silinali kusowa kwa zinthu ayi, linali tulo. Kunyumba anawo ankayankhula Chinyanja, kusukulu masamu ankabwera m'Chipwitikizi, ndipo mafunso a m'buku ankanena za anthu akutali ogula zinthu zimene ana athu sanazionepo. Ndikamawerenga ankangondiyang'ana, ena n'kuyamba kusinza. Tsiku lina nditapsa mtima ndinatseka buku n'kulemba ndekha pakwadulu kuti a Banda, bambo ake a mnyamata wina waphokoso wa kumbuyo, anyamula matumba anayi a mbatata panjinga kuwoloka nawo malire, theka lagwera m'ngalande, atsala ndi angati. Mnyamatayo anadzambatuka. "Bodza, apulofesoli! Bambo anga sagwa panjinga!" Kalasi yonse inafa nalo phwete, koma funsolo analikhoza ngakhale osinza aja. Kuyambira tsikulo mafunso anga ankakhala ndi mayina a makolo a ana anga, mbuzi zawo, njinga zawo ndi minda yawo.

Direkitoli wathu, mkulu wa sukulu wa nthawi imeneyo, munthu wamfupi wokonda malamulo kuposa chakudya, anaima pazenera tsiku lina n'kuwerenga zimene ndinalemba. Ana atatuluka iye analowa. "Apulofesoli, mayina a anthu si choseweretsa. Mwini dzina akadzamva?" Ine ndinatenga kansanza n'kufufuta kwadulu yense iye akuona. "Amvera kuti, bwana direkitoli? Dzina lija ndi fumbi lili pansili." Anandiyang'ana, napukusa mutu, n'kumapita. Ndipo ndinkanena zoona, chifukwa m'zaka zonse za ku Zóbuè palibe kholo limene linabwera kudzadandaula.

Malasha atayamba kumveka ku Moatize, msewu wathu unadzaza ndi malole, ndipo aphunzitsi anayamba kutha mmodzimmodzi. Wina anapita kukakupiza mbendera pachipata cha mgodi, wina kukalemba olowa ndi otuluka, ndipo akabwera kudzationa atavala nsapato zazitsulo ife tinkabisa zathu pansi pa tebulo. Inenso ndinakayesa, musaganize kuti ndinali woyera mtima. Anandiyang'ana imvi n'kundiuza kuti adzandiitana, ndipo mpaka lero sanandiitane.

Cateme, 2011

Chaka chimenechi anandisamutsira kusukulu ina ya kumbali ya Cateme, mudzi umene unamangidwira mabanja ochotsedwa pamalo a malasha. Nyumba zake zinali m'mizere, zofanana zonse, moti sabata yoyamba ndinalowa m'nyumba ya eni ake n'kuyamba kuvula nsapato. Mitengo ya mthunzi inali isanakule, dzuwa linkaomba ngati tili nalo mlandu, ndipo sitima ya malasha ikamadutsa ndinkasiya kuphunzitsa mpaka ithe.

Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi a Kanivete. Anachokera ku Bagamoyo, kumene ankaumba ndi kuotcha njerwa. Anali munthu wamtali, wa manja okhakhala, woyankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chinyanja. Tsiku lina ananditenga kukaona munda umene anapatsidwa. Anatola mwala, natolanso wina, n'kundiika m'manja. "Apulofesoli, inu mwaphunzira. Dothi ili chimanga likukana, njerwa likukana. Mulungu analipangira chiyani?" Ankanena, monga mudzi wonse unkanenera, kuti analonjezedwa munda wachiwiri. Mapepala a lonjezolo ine sindinawaone, choncho sindinganene kuti munalembedwa chiyani, koma anthu ankadikira ndithu, chaka ndi chaka.

Apa mumvetse bwino, ana anga, chifukwa mukapanda kumvetsa muwaseka a Kanivete, ndipo sindifuna kuti muwaseke. Anthu a kumeneko zinthu zonse zazikulu pamoyo wawo zinawafika papepala losindikizidwa lokhala ndi kalimbo, chidindo chija cha boma. Nyumba inabwera ndi pepala. Munda wamiyala unabwera ndi pepala. Ngakhale manda a makolo awo anasamuka ndi pepala. Ambiri sankatha kuwerenga Chipwitikizi, koma dzina lawo ankalizindikira, kalimbo ankamuzindikiranso, ndipo pepala lotere ankalikulunga m'pulasitiki n'kulisunga pansi pa zovala za kutchalitchi. Mawu apakamwa, ngakhale a wansembe, sankafika pamenepo.

Chimene chinkadyetsa banja la a Kanivete zaka zonsezo chinali munda wobwereka m'mbali mwa kamtsinje, wa a Bulande, nzika yakale ya kumeneko. Dothi lake linali lakuda bwino, koma a Bulande anali ndi pakamwa. Pamaliro, pamowa, ngakhale pakhomo la tchalitchi, sankalephera kukumbutsa anthu kuti alendo a nyumba zamalata akudya m'manja mwawo. A Kanivete ankangomeza mate. "Tsiku limene wanga udzatuluke," anandiuza kangapo, "wawowo ndidzawabwezera dzuwa lisanalowe."

Cateme, 2023

Pofika chaka chimenechi ndinali mkulu wa aphunzitsi a masamu pasukulupo, maso atayamba kufooka, fumbi la jizi litandisiyira chifuwa chosatha. Kunabwera mphunzitsi wamng'ono, Madalena, mtsikana wa ku Moatize wolembedwa ntchito pakontarato ya kanthawi, wochangamuka, wosachoka pafoni. Foniyo inkandinyansa mpaka tsiku limene anandionetsa chimene chinali mmenemo. Achinyamata amachitcha IA. Ine ndinachitcha mlembi wa m'foni, chifukwa ukamuuza chimene ukufuna amakulembera nthawi yomweyo, osadandaula, osapempha tiyi. Madalena anamuuza kuti alembe mafunso a tizigawo a ana a kalasi yachisanu ndi chimodzi, ndipo ndisanamalize kupukuta magalasi anga mafunso anali atadzaza, mayankho ake ali m'munsi. Imeneyo inali ntchito imene inkandidyera Loweruka lathunthu. Nsanje inandigwira, komanso ndinasangalala kwambiri, chifukwa mayeso anali pafupi ndipo ana athu anali asanakhalepo ndi pepala la masamu, aliyense lakelake, loti apite nalo kunyumba.

Kungoti mafunso ake anali a tulo omwe aja. "Mwanawe," ndinamuuza Madalena, "mlembi wakoyu ndi wanzeru, koma ana sawadziwa. Umupatse mayina a makolo. Umuuze kuti kuno kuli mbuzi, minda ndi sitima, ndiponso kuti anthu ake anachita kusamutsidwa." Madalena anaseka. "Apulofesoli, mukufuna a Kanivete alowe m'foni?" Ndinati alowe, Luzia akaona dzina la bambo ake sasinza. Luzia anali mwana wawo wotsiriza, wa m'kalasi imeneyo. Mlembi anamvera. Ndinawerenga mafunso onse, ndinayesa mayankho onse, ndipo panalibe lolakwika. Limodzi mwa iwo, ndikalitembenuzira m'chiyankhulo chathu, linkati: A Kanivete ali ndi munda umodzi. Chaka chino apatsidwa munda wina, kukula kwake theka la woyambawo. Kodi yonse pamodzi ndi minda ingati? Yankho linali umodzi ndi theka. Mafunso a mtundu umenewu ndinali nditawalemba pakwadulu zaka ndi zaka, n'kuwafufuta belu likalira.

Madalena anakwera shapa, minibasi ya kuno, kukasindikiza mapepalawo ku Moatize. Direkitoli wathu watsopano anali ndi lamulo lakuti pepala lililonse la mafunso lidindidwe kalimbo wa sukulu lisanaperekedwe, kuti makolo adziwe kuti ndi laulere, popeza kwina aphunzitsi ankagulitsa. Lamulolo linali labwino ndipo ine ndinali mmodzi mwa olivomereza. Tinadinda, tinagawa Lachisanu, ndipo ana anapita nawo kunyumba atawabisa m'malaya kuti asade.

Lolemba m'mawa ndinapeza anthu atakhala pakhonde la ofesi, amuna ndi akazi, aliyense pepala la mwana wake lili m'manja. A Kanivete anali pakati, atavala jekete ya kutchalitchi, nkhope itamasuka mmene ndinali ndisanaionepo. Pepala lawo linali kale m'pulasitiki. Anandigwira dzanja ndi manja awiri pondithokoza. "Ndatenda, apulofesoli, ndatenda. Theka n'lochepa, koma ndi langa." Enawo ankafunsa chifukwa chimene iwo awalembera mbuzi ndi matumba a chimanga m'malo mwa munda, ndiponso kuti mbuzizo akatenge kuti. Ndinafuna kuseka, koma ndinaona Luzia ali kumbuyo akulira. Anandiuza kuti anayesa kuwauza bambo ake kuti ndi masamu chabe, iwo n'kumukalipira kuti masamu adziwa bwanji dzina lawo, nanga kalimbo wadinda ndani. Loweruka lomwelo a Kanivete anali atapita kwa a Bulande kukabweza munda anthu akuona, ndipo anakhuthula mawu onse amene ankameza aja. A Bulande anangoti chabwino, mvula yoyamba ikagwa adzalamo mkamwini wawo.

Direkitoli anatiitanira mkati ine ndi Madalena n'kutseka chitseko. Sanali munthu woipa, anali wamantha, ndipo tsikulo thukuta linali kamukamu. "Palibe amene atuluke kukanena kuti foni ndiyo yalemba izi. Anthu awa mukawauza kuti palibe kanthu, mawa akagona panjanji kutsekereza sitima, ndipo amene adzafunsidwe ndine. Ndiwauza kuti mayina awo apita ku disitiritu, adikire. Kudikira anazolowera."

"Bwana direkitoli," ndinatero, "mitambo mwaiona? A Kanivete abweza munda. Akapanda kukapepesa mvula isanagwe, chaka chino sadya."

"Zimenezo ndi zawo ndi a Bulande. Inu mwatsala pang'ono kupuma, musadziputire mlandu. Ndipo mtsikanayu ali pakontarato, muganize bwino." Anatuluka, nawauza anthu monga ananenera, ndipo anabalalika akuomba m'manja.

Sabata imeneyo chakudya sichinkatsika. Amayi anu akukumbukira, ankaganiza kuti ndi malungo. Ndikaganiza za Madalena, amene ndinamulowetsa m'zimenezi ndine, ndi zaka zanga zotsiriza zimene ndinkafuna kuzimaliza mwamtendere, ndinkati nditseke pakamwa. Ndikatuluka panja n'kuona mitambo ikukwera kuchokera kumapiri a Zóbuè, ndinkaona mkamwini wa a Bulande akudzala m'dothi lakuda lija. Amene anandidula maganizowo ndi Madalena yemwe. Lachinayi titaweruka anabwera foni ili m'manja. "Apulofesoli, ndikudziwa kumene mukufuna kupita. Tiyeni. Pakamwa pokha sakakukhulupirirani, akaone okha."

A Kanivete tinawapeza pansi pa kamtengo ka kuseri kwa nyumba, akusema zikhomo zoti akakhome m'malire a munda watsopano. Anatipatsa mipando mwaulemu. Ndinawauza zonse, pang'onopang'ono, kuti pepalalo ndi la masamu, kuti dzina lawo ndinapereka ndine, kuti munda wa theka kulibe ndipo sunakhaleko. Anapitiriza kusema, mpeni uli m'manja. Kenako Madalena anaitana Luzia kuti aziwerenga, n'kumuuza mlembi wa m'foni kuti alembe funso lonena kuti ine ndapatsidwa sitima ya malasha. Mawu anayamba kutuluka okha iwo akuona. Luzia anawerenga, natanthauzira kuti apulofesoli apatsidwa sitima, theka la mabogi ake muli malasha.

"Mwaona, akulu?" ndinatero. "Sitima ndili nayo ine?"

Anayang'anitsitsa foniyo. "Iyo ilibe kalimbo."

Ndinafotokoza za lamulo la direkitoli, za aphunzitsi ogulitsa mapepala, ndipo ndikuyankhula ndinkadzimva ndekha kuti mawu anga akumveka ngati a munthu wogwidwa. Anandilola kumaliza. "Direkitoli ananena masana, mudzi wonse ukumva, kuti mayina apita ku disitiritu. Inu mwabwera kuseri kwa nyumba ndi mtsikana ndi foni kudzati palibe. Ndimve ziti?" Anaika mpeni pansi n'kutsitsa mawu. "Apulofesoli, tinadziwana kalekale. Ndiuzeni zoona, sindikwiya. Munda wanga mwaupereka kwa ndani?"

Pantchito yanga ndinatukwanidwapo ndi makolo oledzera, ndinanyozedwapo ndi oyendera masukulu, koma palibe mawu amene anandipweteka ngati amenewa. Ndinawachonderera kuti tipite limodzi kwa a Bulande, wopepesa ndikakhale ine. Anatolanso mpeni wawo. "Kwa Bulande ndidzapita pamaliro ake." Ndinapitako ndekha tsiku lotsatira. A Bulande anandilandira bwino, nandipatsa madzi, nati alibe mangawa ndi ine, koma mwini wake abwere ndi pakamwa pomwe anatukwanira. Mvula inagwa sabata yotsatira, ndipo mkamwini uja anadzala.

Direkitoli sanachedwe kumva, chifukwa a Kanivete eni ake ndi amene anapita kukandinenera kuti ndikufuna kuwazembetsa munda. Sanandikalipire. Anangolemba zimene analemba. Kontarato ya Madalena itatha sanayiwonjezere, ndipo pano amasindikiza mapepala a anthu m'kasitolo kena ku Tete. Akandiona amandipatsa moni mwaulemu, ine n'kumasowa poyang'ana. Mlembi wa m'foni sindimuimba mlandu. Anauzidwa kuti alembe, analemba, ndipo masamu ake anali olondola. Kungoti iye anali asanalowepo m'nyumba ya ku Cateme.

Moatize, 2024

Ine anandichotsa m'kalasi n'kundisamutsira kuofesi ina ya boma ku Moatize, m'chipinda chosungiramo mabuku, kuti ndidikirire nthawi yanga yopuma. Munalibe ana mmenemo, munali makatoni ndi fumbi lakuda la malasha limene limalowa ngakhale zenera lili chitsekere. Za ku Cateme ndinkazimva kwa okwera shapa. Munda wamiyala unatulutsa chimanga chosafika m'chiuno. Amayi a Luzia anayamba kulima maganyu m'minda ya anthu, wa mkamwini wa a Bulande uli momwemo. Luzia sanabwerere kusukulu chaka chitatsegulidwa. Anamutumiza kwa achibale kukalera mwana.

Lolemba lina ndikufika pantchito ndinaona munthu wamtali atakhala pabenchi ya odikira, atavala jekete imene tsopano inkamukulira m'mapewa. Ndinafuna kudzera kuseri, koma anali atandiona kale. Anaimirira, natulutsa pulasitiki m'thumba lamkati. Pepalalo linali litayamba kuthetheka m'mene ankalipinda, koma dzina ndi kalimbo zinkaonekabe. Mkwiyo uja unali utawathera, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanandilalatira.

"Muli tani, apulofesoli? Zakale zija tizisiye, munthu amalakwa. Ndamva kuti akukwezani, muli mkatimu tsopano. Mundiyang'anireko ngati dzina langa lafika."

Ndinakhala nawo pabenchipo, anthu akutidutsa, n'kuwauzanso zonse kuyambira pachiyambi, kuti linali funso la masamu, kuti munda kulibe, kuti m'chipinda changa muli mabuku okha. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu ngati munthu amene wamva. Kenako anapinda pepala lawo bwinobwino, nalibwezera m'thumba, nati abweranso Lolemba.